Za Kudzutsa Tsabola wa mu Mphika ndi Zinzake Chisanu Chitapita

Kwa inu eni nyumba a dziko la Kasungu, a kwa Kaomba ndi kwa Lukwa, a kwa Wimbe, kwa Chulu ndi kwa Santhe, ndi onse akuwerenga kapepala aka.

Tifuna kulankhula nanu za kanthu kakang'ono kamene ambiri a inu mukapitirira tsiku ndi tsiku osakayang'ana. Kuseri kwa nyumba yanu, pafupi ndi thandala la mbale, pali mphika wosweka kapena chidebe chobooka m'mene mayi wa panyumbapo anaokamo tsabola chaka chatha. Lero mtengowo uli gwa, masamba ake anayoyoka mu Julaye, ndipo mwana akangoukhudza kanthambi kathyoka. Mawa kapena mkuja wina adzati wafa, nadzakhuthula mphikawo kudzala. Ife titi musafulumire. Yambiri ya mitengo yotere sinafe ayi, ili kugona; ndipo ntchito ya kuidzutsa siposa ya mmawa umodzi.

Tidziwa chimene ena a inu muli kunena mumtima: kuti izi nza akazi, mwamuna wa fodya alibe nthawi ya miphika. Inde, akazi ndiwo asamala miphikayo, ndipo aidziwa koposa inu. Koma taganizani za miyezi ili kudza. Mu Okutobala ndi Novembala ndalama za ku msika wa Chinkhoma zatha kapena zalowa m'matumba a feteleza, mfutso watsala pang'ono m'chikwatu, ndipo ndiwo za tsiku ndi tsiku ndi nyemba kapena usipa wouma. Pamenepo ndipo mwini nyumba ayamba kufunsa tsabola, ndi kutuma mwana kumsika kukagula kamulu kamene kakadamera pakhomo pake pomwe. Sitinena kuti tsabola athetsa njala. Amene anaona chaka cha 2002 kuno ku Kasungu adziwa kuti njala ithawa chimanga m'nkhokwe, si zokometsera. Koma ndalama yosatuluka m'nyumba ili ndi ntchito yofanana ndi ndalama yolowa, ndipo akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndiponso mu ntchito iyi muli mbali zina zimene zikhudza inu amuna makamaka, ndizo manja anu, dothi la m'munda mwanu ndi zigubu zanu za mankhwala, monga mudzaona.

Zomera zimene tinena ndi zija zosafa chaka chimodzi monga afa bonongwe ndi luni, koma zikhala zaka zingapo: tsabola wa kambuzi ndi kapiripiri, chikasu, jinja, ndi udzu uja wonunkhira ngati ndimu umene tiphika m'malo mwa tiyi. Zonsezi nzachilendo m'dziko muno. Tsabola kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi patapita chaka cha 1492. Chikasu, jinja ndi udzu wa tiyi zinachokera ku maiko otentha ndi a chinyezi a ku Asia. Chifukwa chake sizikondwera ndi usiku wa Juni ndi Julaye pa dziko lathu lokwera ili, pamene mwera uomba ndi kuumitsa milomo ya anthu. Mbewu ya m'munda itha kutumiza mizu yake pansi kumene kuli kofunda ndi konyowa. Ya mu mphika ilibe kothawira, pakuti mphepo izinga mphikawo mbali zonse.

Apa tichenjeze iwo amene awerenga mabuku a ulimi ochokera ku Ulaya. Kumeneko chisanu chikatha kudza mvula yowaza ndi dzuwa lofatsa, kotero mwini mphika angoutulutsa panja ndipo zonse ziphuka zokha. Kwathu kuno sikutero. Chisanu chathu chikatha kudza chilimwe, miyezi itatu kapena inayi ya fumbi, ndipo mvula yeniyeni ifika kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala. Mdani wamkulu wa mphika wanu ali patsogolo, sali pambuyo. Amene adzutsa mtengo mu Ogasiti ayenera kudziwa kuti walonjeza kuupatsa madzi kufikira mvula. Ngati mjigo uli kutali ndipo otunga ali ochepa, adzutse miphika iwiri yokha, naisamale bwino, asayambe khumi ndi kuitaya yonse mu Okutobala.

Choyamba mudziwe wamoyo ndi wakufa. Tengani tsinde la tsabola, mukande khungwa lake ndi chikhadabo pafupi ndi nsonga. Mukaona mkati mobiriwira ndi monyowa, mtengowo uli moyo kufikira pamenepo. Mukaona mofiirira ndi mouma, tsikani pang'ono, mukandenso, ndi kutsikabe kufikira mupeze pobiriwira. Kawirikawiri nthambi zam'mwamba zafa koma tsinde lapansi lili bwino. Ngati mwafika padothi osapeza pobiriwira, ndipo mtengowo ukokeka wosalimba monga chikhomo chovunda, umenewo wapita. Musataye nawo madzi.

Musadule msanga. Nthambi zouma zija, ngakhale zioneka zonyansa, zitchinjiriza maso a pansi ku mphepo, ndipo mukadula mu Juni kapena Julaye mtengo utulutsa mphukira zanthete zimene usiku umodzi wozizira uzipsereza. Lindani kufikira mwera wafooka, kumapeto kwa Ogasiti kapena poyamba pa Seputembala. Chizindikiro muli nacho kutchire: pamene mombo ndi mtondo ziyamba kuvala masamba atsopano ofiira, mvula isanagwe nkomwe, ndiye kuti nthaka yafunda ndipo nthawi yakwana. A m'mphepete mwa madambo a Bua ndi Dwangwa alinde koposa anzawo a kumtunda, pakuti mpweya wozizira ulemera, utsikira kudambo usiku ndi kugona komweko.

Tsono musanagwire mpeni, mverani ichi, chimene chili chachikulu mwa zonse za m'kapepala aka. Tsabola, matimati, mabiringanya ndi fodya ndi a mtundu umodzi, abale a bere limodzi, ndipo nthenda zambiri za fodya zigwiranso tsabola. Muidziwa nthenda ija ichititsa tsamba la fodya mawangamawanga, pena pobiriwira kwambiri pena potumbuluka, tsambalo ndi kukwinyika. Munthu wina, Adolf Mayer, anailongosola ku Holland mu 1886, ndipo mu 1898 mnzake wa dziko lomwelo, Martinus Beijerinck, anaonetsa kuti choibweretsa ndi kanthu kochepa koposa tizirombo tonse todziwika masiku amenewo. Ndiko kamene lero titcha vairasi. Kanthu aka kali ndi makhalidwe awiri oyenera kuwakumbukira. Loyamba, sikafa tsamba likauma: kakhala m'fodya wouma zaka zambiri. Lachiwiri, sikasowa mapiko, kayenda ndi manja, ndi mpeni, ndi zovala, nikalowa pa bala lililonse la mtengo. Taonani tsono chimene chichitika. Mwamuna achokera m'chigafa kumene wakhala ali kusankha fodya, kapena wangopichira ndudu, kapena agogo angonunkhiza wamphuno. Atenga mpeni womwe uja, nadula tsabola. Bala lili lotseguka, chala chili pomwepo. Patapita masabata awiri kapena atatu masamba atsopano atuluka opiringizika, ndipo anthu ati mtengowo wakalamba, kapena wina waulodza. Sunakalambe, wadwala ndi dzanja la mwini wake, ndipo mankhwala ochiritsa palibe.

Chotero sambani m'manja ndi sopo, kawiri, kufikira m'zikhadabo, ndipo mpeni muutsuke ndi sopo yemweyo musanayambe ndiponso pochoka pa mtengo wina kupita pa wina. Amene ali ndi mkaka wa ng'ombe aviike manja ndi mpeni m'menemo, pakuti mkaka ufooketsa kachirombo aka. Wosuta asasute pogwira ntchitoyi. Kale fodya wa burley anali wa m'maesiteti, koma kuyambira chaka cha 1990, pamene alimi a m'midzi analoledwa kumlima, chigafa chafika pabwalo la nyumba zambirimbiri, ndipo fumbi la fodya lili pakhonde pomwe pakhala miphika. Chenjezo limene kale linali la akapitawo lakhala la nyumba iliyonse.

Kudula kwake sikuvuta. Mpeni ukhale wakuthwa, kuti udule kamodzi osaphwanya. Chotsani zouma zonse, ndipo zamoyo muzifupikitse, kusiya tsinde ndi nthambi zitatu kapena zinayi zolimba, msinkhu wake monga kuchokera pa chigongono kufikira pa dzanja, ndiwo masentimita 25 kapena 30. Dulani pamwamba pa mfundo, mopendeketsa, pakuti mphukira zituluka pa mfundo. Mtima umakana kudula chotere, makamaka pamene pa nsonga patsala tsabola awiri kapena atatu ofota; thyolani amenewo, mudye, nimudule ndithu. Mizu yofooka singathe kudyetsa nthambi zazitali.

Kenaka dothi. Mbewu yakhala mu mphika chaka chathunthu, yadya zonse zinali m'menemo, ndipo madzi a tsiku ndi tsiku apanikiza dothilo lakhala ngati njerwa. Thirani madzi madzulo, ndipo mmawa mwake mupendeketse mphika, mugwire tsinde ndi dzanja limodzi, mtengowo utuluke ndi dothi lake lonse. Mudzaona mizu itazungulira monga nkhata. Imasuleni ndi zala, mudule yakuda ndi yovunda, mugwedeze dothi lakale lichoke monga theka lake. Mizu yabwino ndi yoyera ndi yosalala. Koma mukaona yotupatupa ngati mikanda, imani. Kumeneko ndi kuluma kwa tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, tomwe tija alangizi a fodya akuuzani kuti musabwereze fodya pamunda umodzi zisanapite zaka zitatu kapena zinayi chifukwa cha ito. Musasokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya mtedza ndi nyemba, timene tili tabwino ndipo tichoka mukatifikisa ndi chala. Kutupa kwa nthendayi ndi kwa muzu weniweniwo, sikuchoka. Mtengo wotere muutenthe, dothi lake mukalitaye kutali ndi dimba, ndi mphikawo muutsuke ndi madzi owira.

Tinyongolotsi iti tikonda dothi la mchenga, ndipo dziko la Kasungu nla mchenga m'malo ambiri. Nchifukwa chake tinena kuti dothi latsopano lisachokere m'munda wa fodya, kapena pa nazale yakale, kapena pamene panali matimati, ngakhale lioneke lakuda ndi lokoma. Pitani kutchire, pansi pa mitengo pamene masamba avunda zaka zambiri, mupale lapamwamba. Mbali ziwiri za dothi limenelo, mbali imodzi ya manyowa a m'khola ovunda bwino, ndi mbali imodzi ya mchenga wa kumtsinje: msanganizo wake ndi umenewo. Dothi la pachulu lili ndi chakudya, koma lokha ligwirana ndi kutsamwitsa mizu, muike pang'ono. Ngati mukayika za dothi lanu, linyowetseni, mulithire m'chidebe chachitsulo, muvundikire ndi kuliika pamoto theka la ola kufikira nthunzi ituluke ponseponse, ndipo lizizire musanaokemo. Nzeru yake ndi yomwe ija ya kutentha mapesi pa bedi la nazale musanafese.

Manyowa osavunda atentha mizu, makamaka zitosi za nkhuku. Ndipo inu amene mwatsala ndi feteleza wa fodya pansi pa thumba, gwirani dzanja lanu. M'munda feteleza wochuluka amwazika ndi mvula. Mu mphika alibe kopita, akhala monga mchere, ndipo mtengo ufota ngakhale dothi lili lonyowa. Kotsina ndi zala zitatu, kosungunula m'ndowa ya madzi, kamodzi pamwezi, kakwanira. Ndipo musayambe mphukira zisanaoneke.

Za mphika weniweniwo tinena mwachidule. Wadothi upambana, pakuti upuma ndipo suwotcha mizu masana. Chitini ndi chigubu chakuda zitentha kwambiri pa dzuwa la Okutobala. Muzikulunge ndi chiguduli kapena udzu. Chilichonse chikhale ndi chiboo pansi, ndi phale lovundikira chiboocho kuti dothi lisatseke. Koma chigubu kapena botolo m'mene munali mankhwala opopera fodya, kapena ophera mphukira zake, musabzalemo chakudya konse, ngakhale mutatsuka kakhumi. Mankhwala ena alowerera m'khoma la chigubucho. Amene adziwa chigubu chiti chinali ndi chiyani ndinu abambo amene munachigula. Mayi ndi ana angoona chigubu chabwino chili chabe pakhonde. Muchiboole ndi kuchichotsa pakhomo monga alangizi anenera, chisasanduke mphika kapena chotungira madzi.

Mutaoka, thirani madzi kufikira atuluke pansi, nimuike mphika pamthunzi sabata imodzi. Pambuyo pake malo ake abwino ndi kum'mawa kwa nyumba, kumene ulandira dzuwa la mmawa ndi kubisala ku la masana. M'chisanu dzuwa lipendekera kumpoto, ndipo khoma la kumpoto ndilo lofunda, lobisikanso ku mwera. Chaka chamawa mukumbukire kusamutsira miphika kumeneko mu Meyi. Koma kumapeto kwa Okutobala dzuwa liima pamutu penipeni, ndipo tsabola akapsa nalo ataya maluwa ake osabala. Pa kuthirira, ambiri alakwa poyamba ndi kuchulutsa, pambuyo pake ndi kuiwala. Mtengo wopanda masamba umwa pang'ono. Mukauthira mmawa ndi madzulo mizu ivunda. Pisani chala m'dothi kufikira pa mfundo yachiwiri: mukamva chinyezi, lekani. Masamba akachuluka ndi kutentha kukakula, pamenepo udzafuna madzi tsiku lililonse. Madzi otsukira mbale ndi ndiwo athandiza, akakhala opanda mchere ndi opanda sopo wambiri. Pamwamba pa dothi yalani udzu wouma kapena makoko a mtedza, osakhudza tsinde.

Mphika usakhale pansi penipeni, pakuti chiswe m'chilimwe chifuna chinyezi ndipo chilowera pa chiboo chija. Uikeni pa njerwa kapena pa miyala itatu monga mafuwa, nimuwaze phulusa pansi pake. Za mbuzi sitisowa kukuuzani. Miyezi imeneyi zili zomasuka, kunja kulibe chobiriwira china, ndipo mphukira za masabata atatu zitha ndi kudya kumodzi. Kampanda ka bango kapena ka minga ndi ntchito ya mwamuna, ndipo kamangidwe mphukira zisanatuluke.

Mukachita izi, mphukira zioneka patapita sabata ziwiri kapena zitatu, maluwa m'mwezi wachiwiri, ndipo mudzakhala muli kuthyola mvula isanakhazikike. Mnzanu amene anataya mtengo wake, nalinda kufesa ndi mvula ya Disembala, adzalawa tsabola wake mu Malichi kapena Epulo. Phindu la mtengo wakale ndi limenelo: mizu ndi tsinde zilipo kale.

Chikasu ndi jinja zili ndi khalidwe lina, ndipo amene azichitira monga tsabola aziononga. Masamba ake achita chikasu ndi kugwa chisanu chikafika, ndipo pamwamba sipatsala kanthu. Moyo wonse watsikira m'zikhawo za pansi. Nthawi imeneyo musathire madzi, pakuti chogona sichimwa, chingovunda. Mu Julaye kapena Ogasiti khuthulani mphika, mutenge zodya, musankhe zonenepa zokhala ndi maso awiri kapena atatu, muzisunge mumchenga wouma pamthunzi. Kukafunda zidzaonetsa zokha timaso totuwa. Pamenepo muzikwirire m'dothi latsopano, kuya kwake zala zitatu, mu mphika wotakasuka pakamwa, pakuti zikula chopingasa. Zikonda mthunzi koposa tsabola.

Udzu wa tiyi ndiwo wosavuta mwa zonse. Umeteni kutsala chikhato chimodzi, muzule phata lonse, muligawe ndi chikwanje, gawo lililonse ndi mizu yake. Limodzi libwerere mu mphika, ena mupatse anansi, kapena muoke pamene pathera madzi a kubafa. Chenjerani ndi masamba ake, acheka zala. Mpungabwi ndi chanzi zimera zokha m'masala ndi m'mphepete mwa njira, ndipo sitiona chifukwa cha kuzitayira madzi a pamutu. Amene afuna mpungabwi pakhomo apulule njere zake zouma, awaze ndi mvula.

Latsala funso limodzi, ndipo ndi la mlimi wochenjera. Adzati: alangizi atiuza kuzula mapesi onse a fodya tikatha kukolola, kuti nsabwe za m'masamba ndi nthenda zimene zinyamula zisapeze pokhala m'chilimwe, nanga tsabola wosungidwa chaka chonse, mbale wake wa fodya, sadzakhala nyumba ya nsabwe zomwezo? Funso ili nloona, ndipo sitilipeputsa. Mtengo wobiriwira pakati pa dziko louma uitana nsabwe, ndipo nyengo ya mphukira zake ndi yomweyo ya kufesa nazale. Kusiyana kwake nkwakuti mapesi a m'munda ali zikwi, palibe awayang'ana, pamene miphika ili iwiri kapena itatu, pakhomo, pamaso panu. Tembenuzani masamba kawiri pa sabata. Mukaona nsabwe, kapena nyerere zili kukwera ndi kutsika pa tsinde, sungunulani kachidutswa ka sopo wochapira m'madzi, mutsuke kunsi kwa masamba madzulo, ndi kubwereza patapita masiku anayi kapena asanu. Mankhwala a fodya asafike pa chinthu chimene mwana adzathyola mawa. Miphika isapite kudimba kumene kuli nazale, ngakhale madzi ali pafupi kumeneko, ndipo amene agwira tsabola asambe asanapite kukagwira mbande, monga asamba pochokera kuchigafa. Mtengo uliwonse wotulutsa masamba a mawanga kapena opiringizika muuzule tsiku lomwelo ndi kuuponya pamoto, osaulekera kuti kapena uchira.

Ndipo ngakhale mtengo wabwino usapitirire zaka zitatu. Ukafika pamenepo tsinde lauma mtima, zipatso zichepa, ndipo nthenda zaunjikana. M'chaka chake chachiwiri sankhani tsabola wakupsa bwino wa pa mtengo wopanda banga, muumitse pamthunzi, musunge njere zake m'botolo louma lotseka, nimufese zina mu Seputembala m'kaphale, kuti wolowa m'malo akhale ali kukula pamene wakale ali kubalabe.